Ndege ya Wenela Imene Sinafike ku Chileka

Pa 4 Epulo 1974, tsiku Lachinayi, kunja kukadali mdima, ndege ya bungwe la Wenela inanyamuka pabwalo la Francistown m'dziko la Botswana. Inali paulendo wodzatera ku Chileka, kufupi ndi mzinda wa Blantyre, ndipo m'katimo munali anthu 84. Pafupifupi onse anali amuna Achimalawi amene amabwerera kwawo kuchokera kumigodi ya golide ya ku South Africa. Ndegeyo sinapite patali. Itangodzuka, mainjini ake anayamba kutentha ndi kufooka, ndipo woyendetsa anayesa kuikhotetsa kuti abwerere pabwalo. Mphamvu zinamuthera asanafike. Ndegeyo inagwera m'thengo, makilomita owerengeka kuchokera pamene inanyamukira, niyaka moto. Anthu 78 anataya miyoyo yawo, ndipo 74 mwa iwo anali Amalawi ogwira ntchito m'migodi. Opulumuka anali 6 okha. M'mbiri yonse ya Botswana simunaonekenso ngozi ya ndege yopha anthu ochuluka chotere.

Achinyamata ambiri a ku Manje, Bangwe, Ndirande ndi Zingwangwa amalidziwa dzina lakuti Wenela ngati depoti ya mabasi imene ili pafupi ndi siteshoni ya sitima mu Blantyre. Kwa iwo ndi malo okwerera basi basi. Koma dzinalo ndi chidule cha Witwatersrand Native Labour Association, bungwe limene eni migodi a ku Johannesburg anakhazikitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 kuti liziwasakira anthu antchito m'maiko oyandikana nawo. Zilembo zake zinali WNLA, ndipo pakamwa pa anthu zinasanduka Wenela. Kuti ngozi ya ku Francistown imveke bwino, nkofunika kuyamba taona m'mene amuna a m'dziko losauka ngati lino anafikira pomakwera ndege zaka zimene ngakhale basi inali yosowa m'midzi yambiri.

Golide anapezeka ku Witwatersrand m'chaka cha 1886. Mwala wake unali wochuluka, koma golide amene anali m'mwalamo anali wochepa kwambiri, ndipo unali pansi penipeni. Kuti eni migodi apindule, anafunika manja ambirimbiri otsika mtengo. Nthawi yomweyo, kuno ku Nyasaland boma la atsamunda linali litaika msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890. Munthu wa kumudzi amene anali ndi chimanga m'nkhokwe ndi mbuzi m'khola anapezeka kuti ndi mmphawi chifukwa analibe ndalama ya msonkho. M'minda ya azungu ya ku Thyolo ndi Mulanje malipiro anali ochepa, ndipo thangata anali ataipitsa mbiri yake. Tsono amuna anayamba kulowera kummwera, ena ku Harare, ena ku Joni, ambiri a iwo wapansi.

Amene anafika ku Joni m'zaka zoyambirira anakumana ndi chisanu chimene matupi awo sanachizolowere. Chibayo chinawapulula kwambiri kotero kuti m'chaka cha 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu ochokera kumaiko otentha a kumpoto. Chiletsocho chinayamba kumasulidwa m'chaka cha 1933, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 Wenela inali itabwereranso ku Nyasaland. Ngakhale pa nthawi ya chiletso anthu sanaleke kupita. Ankazemba okha, kudutsa m'nkhalango za Mozambique ndi Rhodesia, ndipo ambiri sankabwerera. Amenewa ndiwo ankatchedwa machona. Komiti imene boma la Nyasaland linakhazikitsa m'chaka cha 1935 kuti ifufuze za anthu opita kunja inadandaula za midzi yotsala ndi amayi, ana ndi nkhalamba zokhazokha.

Vuto lalikulu la Wenela linali mtunda. Kuchoka ku Nyasaland kukafika ku Johannesburg pa lole, pa bwato ndi pa sitima unali ulendo wa masiku ambiri, ndipo panjira anthu ena ankadwala, ena ankakopeka ndi alimi a fodya a ku Southern Rhodesia n'kukhala komweko. M'chaka cha 1952 bungweli linayamba kuyendetsa ndege zakezake, likulu lake lili ku Francistown. Tauni imeneyi inasankhidwa chifukwa inali panjanji yochokera ku Johannesburg kudzera ku Mafeking. Munthu wolembedwa ntchito ankayezedwa m'thupi kudepoti ya Wenela kuno kumudzi, n'kukwera ndege ku Chileka kapena ku Lilongwe mpaka ku Francistown, ndipo kumeneko ankalowa sitima ya ku Joni. Pobwerera njira inali yomweyo. Mtunda wa pakati pa Francistown ndi Blantyre ndi makilomita pafupifupi 1,000, ndipo ndege inkaudula m'maola ngati atatu. Motero mnyamata wa ku Ntcheu kapena ku Mzimba amene anali asanalowepo m'galimoto yaing'ono ankauona mudzi wake ali m'mitambo, pamene aphunzitsi ndi akalaliki a boma ankangomva kulira kwa ndege pamwamba pa denga.

Wina asaganize kuti unali ulendo wa mabwana. Ndege zimene Wenela inkagwiritsa ntchito zinali za mtundu wa Dakota, kenaka za mtundu wa Douglas DC-4. Ndege za DC-4 zinapangidwa ku America, ndipo zochuluka zedi, zoposa 1,000, zinatuluka m'fakitale pa nthawi ya Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse monga ndege zankhondo zonyamula katundu ndi asilikali. Asilikali ankazitcha C-54 Skymaster. Ndizo zinanyamula malasha ndi ufa kupita mumzinda wa Berlin m'zaka za 1948 ndi 1949, pamene dziko la Soviet Union linatseka misewu ndi njanji zolowera mumzindawo. Nkhondo itatha, ndiponso ndege za jeti zitafika, makampani akuluakulu anazigulitsa motsika mtengo. Zinali ndege zolimba ndi zodalirika, ndipo amene ankafuna kunyamula zinthu zambiri pa ndalama zochepa ankazikonda. Makampani onyamula apaulendo olemera ankaikamo mipando ya anthu osapitirira 50. Ndege imene inagwa ku Francistown, imene nambala yake inali A2-ZER, inanyamula 84. Chiwerengerochi sichinapyole chimene ndege ya mtunduwu inkatha kusenza ikathinitsidwa mipando, koma chikuonetsa m'mene bungwelo linkawerengera anthu ake: mutu uliwonse unali ndi mtengo, ndipo malo opanda munthu anali kuluza.

Anthu atamva za ngoziyi, ambiri anathamangira kunena kuti ndegeyo inali nkhalamba. Zoona, inali ya zaka zambiri. Koma ofufuza anapeza kuti ukalamba sindiwo unaigwetsa. Chinapha mainjini ndi mafuta. M'matanki ake munali petulo wa ndege wosakanikirana ndi mafuta a ndege za jeti.

Kwa munthu wosadziwa za makina, mafuta ndi mafuta, ndipo angadabwe kuti mafuta a ndege angagwetse bwanji ndege. Koma ndege zili ndi mainjini a mitundu iwiri yosiyana kotheratu. DC-4 inali ndi mainjini anayi a mapisitoni, opangidwa ndi kampani ya Pratt & Whitney, iliyonse ya masilinda 14, ndipo iliyonse inkazunguza pulopela yake. Kagwiridwe kake ka ntchito ndi kofanana ndi ka injini ya galimoto ya petulo. Mpweya wosakaniza ndi petulo umalowa m'silinda, pisitoni imaukankha ndi kuupanikiza, ndipo ikafika pamalo oyenera pulagi imathetheka. Moto umayamba papulagipo n'kufalikira mwadongosolo, n'kukankha pisitoni kubwerera pansi. Chinsinsi chonse chagona pa kudikira. Mafutawo ayenera kupirira kupanikizidwa ndi kutentha osayaka okha mpaka moto wa pulagi utawafika. Kupirira kumeneku ndi kumene amakuyeza ndi nambala yotchedwa okiteni, ndipo petulo wa ndege ali ndi okiteni wokwera kuposa wa galimoto.

Mafuta a jeti ndi mbale wake wa parafini amene amayi amathira m'nyali ndi m'koloboyi. Injini ya jeti ilibe mapisitoni. M'kati mwake moto umangoyaka mosalekeza ngati wa chitofu cha pulayimasi, motero sifuna mafuta odziwa kudikira. Parafini akalowa m'silinda ya injini ya petulo, okiteni amatsika. Pisitoni ikapanikiza, gawo lina la mafutawo limaphulika lokha, mwadzidzidzi, moto wa pulagi usanalifike. M'malo mokankhidwa bwinobwino, pisitoni imamenyedwa ngati ndi nyundo, kambirimbiri pa sekondi iliyonse. Amakaniko a ku Ndirande amati injini yotere ikugogoda, ndipo aliyense amene anagulapo petulo wothiridwa parafini m'zigubu za m'mbali mwa msewu amakudziwa kulira kwake. Mitu ya masilinda imatentha koposa muyeso, mapisitoni amayamba kusungunuka kapena kubooka, ndipo mphamvu imathawa. Galimoto ikatero, dalaivala amaima pambali n'kutsegula boneti. Woyendetsa ndege alibe pambali.

Kuipa kwa chisakanizo chimenechi n'kwakuti chimabisala. Madzi akalowa m'tanki ya ndege amadikha pansi, ndipo amisiri amawaona akatapako pang'ono m'kabotolo asananyamuke. Parafini sadikha, koma amalowerera mu petulo n'kukhala chinthu chimodzi. Petulo wa ndege amamuthira utoto kuti azidziwika, pamene mafuta a jeti ndi oyera ngati madzi kapena otuwirako pang'ono, choncho zikasakanikirana utoto uja umangosuluka pang'ono, osati mpaka diso n'kukayika, makamaka usiku. Injini ikamalira pang'onopang'ono, ndege ili chiimire kapena ikuyenda pansi, kupanikiza ndi kutentha kumakhala kochepa ndipo palibe chimene chimaoneka. Matendawa amatulukira pamene woyendetsa watsegula mphamvu zonse kuti adzutse ndege yolemera, nthawi imene ndegeyo ili pafupi ndi nthaka, ilibe liwiro lokwanira, ndipo msewu wonyamukira watsala kumbuyo.

Opanga DC-4 anaipatsa mainjini anayi kuti imodzi ikafa zitatu zizipitiriza ulendo. Akanakhala kuti ndi ukalamba wa chitsulo, mwina ikanathyoka injini imodzi, ndipo ndegeyo ikanabwerera ndi kutera bwinobwino. Koma mainjini onse anayi ankamwa chitsime chimodzi. Chimene chinadwalitsa imodzi chinadwalitsa zonse pa nthawi imodzi, ndipo nzeru ya opanga ija inakhala yopanda ntchito. Ndegeyo inali yodzaza anthu ndi katundu wawo, matanki ali tho ndi mafuta a ulendo wa maola atatu. Mafuta omwewo ndiwo anakoleza moto itagunda pansi.

Chowawa pa imfa zimenezi n'chakuti anthuwo anali atapulumuka kale. Kwa miyezi yambiri, ena mpaka zaka ziwiri, ankatsika tsiku ndi tsiku m'mayenje akuya makilomita awiri kapena atatu, m'mene mwala umatentha ndipo nthawi zina umaphulika wokha. Ankagona m'makomboni a amuna okhaokha, pamabedi a simenti osanjikizana. Ankalamulidwa m'chilapalapa, chiyankhulo cha kumigodi chimene chinapangidwira kutuma osati kucheza. Zonsezi anazipirira chifukwa cha zimene akanabwera nazo: bokosi la chitsulo lodzaza mabulangete ndi nsalu, wailesi, suti, nsapato, ndiponso ndalama zogulira malata, njinga, makina osokera kapena ng'ombe. Gawo lalikulu la malipiro awo silinkaperekedwa ku Joni. Linkasungidwa kuti adzalandirire kuno kumudzi. Amuna amene anakwera A2-ZER anali atatsala ndi maola atatu kuti aponde nthaka ya kwawo.

Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Dr. Hastings Kamuzu Banda, sanachedwe. Analamula kuti kulemba anthu opita kumigodi kuthe nthawi yomweyo. Amene anali patchuthi kuno sanaloledwe kubwerera kuntchito, ndipo amene anali ku South Africa anayenera kubwezedwa kwawo. Kwa eni migodi chimenechi chinali chiphaliwali. M'chaka cha 1973 Amalawi ogwira ntchito m'migodi ya kumeneko anali oposa 100,000, ndipo palibe dziko lina limene linkatumiza anthu ochuluka kuposa Malawi. Katswiri wa mbiri yakale wa ku Chancellor College, Wiseman Chijere Chirwa, analemba m'chaka cha 1996 kuti kubweza anthuwa kunadyera eni migodi ndalama zokwana pafupifupi R7 miliyoni m'zaka ziwiri zotsatira. Zaka ziwirizo zisanathe, Amalawi m'migodi ya golide anali atatsala ochepa zedi.

Chimene chinadabwitsa anthu ambiri ndi mwini lamulolo. Tanzania ndi Zambia zinali zitathamangitsa kale Wenela zitangolandira ufulu, ponyansidwa ndi tsankho la boma la azungu. Dr. Banda anachita zosiyana nazo. Anakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi South Africa m'chaka cha 1967, analandira ngongole yomangira likulu latsopano ku Lilongwe, analandira John Vorster ngati mlendo m'chaka cha 1970, ndipo mwini wake anakacheza ku South Africa mu Ogasiti 1971. Moyo wa kumigodi ankaudziwa. Ali mnyamata anagwirapo ntchito ya ukalaliki pamgodi wa Witwatersrand Deep ku Boksburg asanapite ku America m'chaka cha 1925. M'zaka khumi zoyambirira za ulamuliro wake chiwerengero cha opita ku Joni chinakwera kwambiri, ndipo ndalama zosungidwa zija zinkabweretsera boma chuma chakunja. Nanga chinatembenuza mtima wake usiku umodzi n'chiyani?

Palibe chifukwa chokayikira kuti chisoni ndi mkwiyo zinalipo. Maliro 74 a tsiku limodzi ndi katundu wolemera kwa mtsogoleri aliyense, makamaka amene ankadzitcha nkhoswe ya anthu ake. Komabe migodi ya golide inkapha antchito mazanamazana chaka chilichonse, Amalawi ali m'gulu lomwelo, ndipo enanso ambiri ankabwera ndi chifuwa cha fumbi la mwala n'kudzafera kumudzi mwakachetechete. Mu Seputembala 1973 apolisi anaombera ndi kupha antchito oposa khumi pamgodi wa Western Deep Levels ku Carletonville. Zonsezi sizinaimitse ndege za Wenela. Akatswiri a mbiri ndi a zachuma aonetsa kuti panali chifukwa china chimene sichinkanenedwa pamisonkhano. M'zaka zomwezo minda ikuluikulu ya fodya inali kutsegulidwa m'maboma ngati Kasungu ndi Mchinji. Yambiri inali ya makampani a Dr. Banda mwini, ya nduna zake ndi ya akuluakulu a chipani. Fodya amafuna manja ambiri, ndipo manjawo anali ku Joni. Eni minda sakanatha kupikisana ndi malipiro a kumigodi, amene anali atayamba kukwera chifukwa mtengo wa golide unali utakwera padziko lonse kuyambira m'chaka cha 1971. Ngozi ya ku Francistown inapatsa boma chifukwa chimene palibe akanachitsutsa. Wolira maliro sagwidwa pakamwa.

Boma linayamba kudzitama kuti Ngwazi yapha Wenela ndi Mthandizi, bungwe lina limene linkalemba anthu opita kuminda ya ku Rhodesia. M'mawu amenewa munali choonadi. Ntchito ya kumigodi inkapasula mabanja ndi kudya mapapo a anthu, ndipo chuma chimene inkatulutsa chinkalimbitsa boma la tsankho. Koma amuna amene anatsika ndege ku Chileka m'zaka za 1974 ndi 1975 sanafunsidwe maganizo awo. Ambiri anapeza kuti ntchito imene inawadikira inali ya utenanti kapena ya tikiti paminda ya fodya, pa malipiro ochepa kwambiri poyerekeza ndi a ku Joni. Ena anakana kubwerera kukhasu ndipo anadzakhala m'mizinda, kuyamba ukalipentala, utelala, kuwotcherera zitsulo kapena kaokala. Amenewa ali m'gulu la anthu amene anakulitsa malo ngati Ndirande, Bangwe ndi midzi ya m'tsinde mwa phiri la Soche.

Ku South Africa nako zinthu zinagwedezeka. Patangotha masabata atatu chigwere ndege ija, pa 25 Epulo 1974, asilikali anagwetsa boma ku Portugal, ndipo zinaonekeratu kuti Mozambique, nkhokwe ina yaikulu ya antchito a kumigodi, ilandira ufulu. Inaulandiradi pa 25 Juni 1975. Eni migodi anazindikira kuti kudalira alendo ochokera kutali kunali kumanga nyumba pamchenga. Anakwezanso malipiro kuti akope anthu akuda a mu South Africa momwemo, makamaka a ku Transkei, ndipo anawonjezera olembedwa ku Lesotho ndi ku Rhodesia. Antchito atsopanowa ankakhalitsa pantchito, ndipo kunali kovuta kuwaopseza ndi kuwabweza kwawo. M'chaka cha 1982 anakhazikitsa bungwe lawo la National Union of Mineworkers, mlembi wake wamkulu ali Cyril Ramaphosa.

Chiletso cha Dr. Banda sichinakhalitse monga m'mene chinalengezedwera. M'chaka cha 1977 boma linalolanso kulemba anthu, koma tsopano Wenela inali itaphatikizidwa ndi bungwe linzake n'kutenga dzina latsopano lakuti The Employment Bureau of Africa, mwachidule TEBA, limene anthu kuno ankalitchula kuti Theba. Malo a Amalawi anali atatengedwa kale ndi ena, ndipo chiwerengero chawo sichinayandikenso n'komwe pamene chinali m'chaka cha 1973. M'chaka cha 1988 panabuka mkangano wina. South Africa inafuna kuti Amalawi aziyezedwa kachilombo ka HIV asanalembedwe ntchito, ndipo boma la Malawi linakana. Pakati pa 1988 ndi 1992 antchito pafupifupi 13,000 anabwezedwa kwawo, ndipo kulemba anthu mwa dongosolo la Theba kunathera pomwepo.

Ambiri mwa amuna a Wenela ndi Theba anakalamba akuyendera maofesi kufunsa za ndalama zawo za penshoni ndi za chipukutamisozi cha matenda a m'mapapo. M'chaka cha 2019 khoti lalikulu la ku Johannesburg linavomereza mgwirizano wakuti makampani a golide apereke R5 biliyoni kwa antchito amene anadwala chifuwa cha fumbi la mwala kapena chifuwa chachikulu, kuphatikizapo ochokera m'maiko oyandikana nawo ngati Malawi. Mgwirizanowo unakhudza amene anagwira ntchito m'migodiyo kuyambira m'chaka cha 1965. Pofika nthawi imeneyo anthu ambiri a msinkhu wa amene anakwera A2-ZER anali atamwalira, ndipo ntchito yofunafuna mapepala akale a kumgodi inatsalira akazi awo amasiye ndi ana awo.